Timaenje 37, timbale 7 ndi chogwirira choyera: kodi masewera akale amene ndagula ku Lyon ndi enieni?

Funso: Ndimakhala ku Lyon, m'dziko la France, komwe ndikugwira ntchito. Lamlungu lina ndinapita ku Puces du Canal, msika wa zinthu zakale wa ku Villeurbanne, ndipo ndinagulako masewera atatu oganiza. Oyamba ali m'kabokosi kolembedwa La Tour d'Hanoï, ndipo ali ndi timbale tathabwa 7 toboola pakati. Wogulitsa anati ndi a mu 1883. Achiwiri ndi thabwa lozungulira la timaenje 37 ndi timipira tagalasi 36, koma ndayesa milungu iwiri osatsala ndi kampira kamodzi, ndiye ndikuganiza kuti china chake chikusowa. Achitatu ndi mphete zachitsulo zokoloweka pa waya wautali, chogwirira chake n'choyera, ati ndi mnyanga wa njovu. Kodi zimenezi ndi zenizeni? Ndizipale n'kupaka vanishi? Nanga ndikafuna kumasonkhanitsa zoterezi ndiyambire pati, poti ndalama ndilibe zambiri?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi chimene chingawonongeke lero lomwe. Sanipepa ndi vanishi ziikeni patali. Kuda kumene mukukuona m'mphepete mwa thabwalo, pomwe zala za anthu zakhala zikugwira zaka zambirimbiri, si litsiro loti muchotse ayi. Ndi umboni wa ukale wake, ndipo mukapala simungaubwezerenso. Ndinaonapo thabwa longa lanulo limene mwini wake analipala mpaka kuwala ngati tebulo latsopano. Titalitembenuza, kunsi kunali kutangotsala kamthunzi ka chidindo cha amene analipanga, zilembo ziwiri zokha, nazonso zosawerengeka. Mtima unandiwawa, chifukwa chidindo chimenecho ndicho chikanatiuza kumene linachokera. Inu tengani kansalu kofewa kouma ndi kaburashi kofewa kolowa m'makona, basi. Madzi asakhudze pepala lililonse lomatidwa pa bokosi.

Tsopano thabwa lija lakusowetsani tulo. Palibe chikusowa. Werengani timaenje m'mizere kuchokera pamwamba, mupeza 3, 5, 7, 7, 7, 5, 3. Limeneli ndilo thabwa la Chifalansa la masewera otchedwa solitaire, dzina lochokera pakuti munthu amasewera yekha. La Angelezi lili ndi timaenje 33 ndipo limaoneka ngati mtanda. Ku France masewerawa ndi akale ndithu. Magazini ya Mercure galant inafotokoza malamulo ake mu Ogasiti 1697, ndipo pali chithunzi chodinda cha nthawi yomweyo, cha Claude Auguste Berey, choonetsa Anne de Rohan-Chabot, mayi wolemekezeka wa kunyumba ya mfumu Louis XIV, ali ndi thabwa lotere.

Ndikuganiza kuti mwakhala mukuchotsa kampira ka pakati n'kuyamba kudumphitsa, monga amachitira pa thabwa la Angelezi. Pa thabwa la timaenje 37, mukayamba choncho, simungatsale ndi kamodzi ngakhale mutasewera mpaka imvi. Vuto si luso lanu. Njirayo kulibe, ndipo mukhoza kudzionera nokha. Jambulani thabwalo papepala, ndipo m'kadzenje kalikonse mulembemo chilembo, kuti popita kumanja zilembo zizitsatizana A, B, C, A, B, C, ndipo potsika pansi zizitsatizananso chimodzimodzi. Mukatero, timaenje titatu tilitonse toyandikana mumzere wowongoka tikhala ndi A mmodzi, B mmodzi ndi C mmodzi. Pakati pakakhala popanda kanthu, timipira tili 12 pa A, 12 pa B ndi 12 pa C. Kudumpha kulikonse kumachotsa kamodzi pa zilembo ziwiri n'kuwonjezera kamodzi pa chachitatu. Mukadumpha koyamba mukhala ndi 11, 11 ndi 13, zonse zosagawika pawiri. Mukadumphanso, zonse zitatu zibwerera kukhala zogawika pawiri. Zimayenda limodzi choncho mpaka mapeto. Koma kutsala ndi kampira kamodzi ndiye kuti 1, 0 ndi 0, imodzi yosiyana ndi zinzake, chimene sichingachitike.

Chitani izi: bwezerani kampira pakati, muchotse ka kumapeto kwa mzere wapamwamba uja wa timaenje titatu. Poyambira pamenepo njira ilipo, ndipo mukaipeza mudzadumpha ka 35 n'kutsala ndi kamodzi. Si yapafupi, koma ilipo.

Ndakhalitsa pa nkhaniyi dala, chifukwa apa ndi pamene pagona luso lonse losonkhanitsa zinthu zimenezi. Wosonkhanitsa mbale zakale amayang'ana chidindo ndi ming'alu. Inu muli ndi chida china chimene iye alibe: masewera aliwonse oganiza ali ndi masamu ake, ndipo masamuwo amakuuzani kuti zidutswa ziyenera kukhala zingati, zotani, ndiponso ngati chinthucho chinapangidwa ndi munthu wochidziwa. Ogulitsa ambiri a pamsika amagula katundu wa nyumba yonse nthawi imodzi, sanasewerepo chimene akukugulitsanicho. Amene wachisewera ndiye amaona chosowa, komanso ndiye amazindikira chabwino chimene ena akuchidutsa.

Musanachoke pa thabwalo, yang'anitsitsani timipira. Nthawi zambiri si tonse timene tinabwera ndi thabwa, chifukwa ana a m'nyumba amatenga n'kukasewerera panja. Timipira takale topangidwa pamanja timakhala ndi kachipsera kokhakhala mbali ziwiri zoyang'anana, pomwe anadula galasi, ndipo tambiri tinkachokera ku Lauscha, ku Germany. Tamakono ta makina n'tosalala paliponse. Mukapeza kuti tanu tonse 36 n'topangidwa pamanja, dziwani kuti mwina mtengo wa timipirato ukuposa wa thabwa.

Tibwere ku La Tour d'Hanoï. Chaka cha 1883 wogulitsa sanachipeke, koma ndi chaka chimene masewerawo anabadwa, osati chaka cha bokosi lililonse. Anawatulukira ndi Édouard Lucas, katswiri wa masamu wobadwira ku Amiens mu 1842, amene ankaphunzitsa ku Lycée Saint-Louis ku Paris. Sanalembe dzina lake pa bokosi. Analemba kuti masewerawo abwera kuchokera ku Tonkin, dera la Hanoi, ndi pulofesa N. Claus (de Siam), wa pa sukulu ya Li-Sou-Stian. Mukasanduliza zilembo za N. Claus de Siam mupeza Lucas d'Amiens, ndipo Li-Sou-Stian ndi Saint-Louis. Dzina la Hanoi linali pakamwa pa aliyense chaka chimenecho chifukwa asilikali a France anali pankhondo kumpoto kwa dziko limene lero ndi Vietnam, ndiye linali dzina logulitsa malonda. Masewerawo sanachokere ku Asia. Anabadwira ku Paris konko.

Malamulo mukuwadziwa: timitengo titatu, kusuntha kambale kamodzi nthawi imodzi, kakakulu kasakhale pamwamba pa kakang'ono. Kuti musamutse nsanja ya timbale 3 mumasuntha ka 7, ya timbale 4 ka 15. Kambale kalikonse kowonjezera kamachulukitsa ntchito kawiri n'kuwonjezerapo kamodzi. Timbale 7 ndi ka 127, timbale 8 ndi ka 255. Lucas anaikapo nkhani ya ansembe a ku Benares, ku India, osamutsa nsanja ya timbale 64, imene imafuna kusuntha ka 18,446,744,073,709,551,615. Munthu atamasuntha kamodzi pa sekondi iliyonse osapuma, zingamutengere zaka zoposa 580 biliyoni.

Chofunika kwa inu n'chakuti bokosi loyamba la mu 1883 linali ndi timbale 8. Inu muli ndi 7. Ndiye pali ziwiri: kapena kamodzi kanatayika, kapena lanu ndi la kampani ina imene inapanga pambuyo pake ndi timbale tochepa, poti masewerawa akhala akupangidwa ndi anthu ambiri kuyambira nthawi imeneyo. Sanjani timbaleto pa kamtengo kamodzi, mugwade kuti diso lanu lifanane ndi nsanjayo, muyang'ane m'mbali mwake ngati mukuyang'ana masitepe. Sitepe iliyonse iyenera kulowa mkati mofanana ndi inzake. Mukaona pena palowa kawiri, pamenepo ndiye pasowa kambale. Masitepe akakhala ofanana, yang'anani kamtengo kotsala pamwamba: kakatsala katali koti n'kulowanso kambale kena n'kutsalabe pogwira, ndiye kuti kasowa ndi kakang'ono kwambiri, kamene kamatayika kawirikawiri. Yang'ananinso pa thabwa lapansi. Dzuwa ndi fumbi zimasiya chizindikiro chozungulira pomwe kambale kakakulu kanakhala zaka zambiri, ndipo chizindikirocho chikaposa kambale kanu kakakulu, mwadziwa.

Za zaka zake, bokosi limalankhula kuposa thabwa. Anthu ongoyamba amathamangira kuyang'ana mtengo, pomwe nkhani ili pa katoni ndi pepala. Chivundikiro cha bokosi loyamba chinali ndi mawu oti véritable casse-tête annamite, pamodzi ndi maina aja a N. Claus ndi Li-Sou-Stian. Casse-tête ndi mawu amene mudzawamva tsiku ndi tsiku pa ntchito imeneyi. Kwenikweni akutanthauza choswa mutu, ndipo ndilo dzina la masewera onse otere. Koma mawu okha sakwanira, chifukwa chivundikiro chikhoza kujambulidwanso. Gulani kagalasi kokulitsa zinthu ka 10, n'kotsika mtengo, muziyenda nako m'thumba. Chithunzi chakale chodindidwa ndi miyala, njira imene Godefroy Engelmann anaitengera chilolezo mu 1837 pa zithunzi zamitundu, chimaoneka ndi timadontho tomwazika mosalongosoka ndi mitundu yosanjikana, pena yopyola pang'ono mzere wake. Chithunzi chamakono chimaoneka ndi timadontho tofola bwinobwino ngati sefa. Mukaona sefayo pa bokosi limene akuti ndi la m'ma 1880, bwezani pansi.

Pali zizindikiro zina zimene zimadula nkhani msanga. Mawu oti Breveté S.G.D.G., otanthauza kuti chinthucho chili ndi chilolezo koma boma silikuchiikira umboni, anagwira ntchito kuyambira 1844 mpaka 1968. Amakuuzani kuti si cha dzulo, koma mpata wake ndi waukulu kwambiri, musawadalire okha. Bokosi likamadzitama ndi mendulo ya chionetsero cha ku Paris cha 1889 kapena cha 1900, silingakhale lakale kuposa chaka chimenecho. Mtengo wolembedwa ndi zilembo NF ndi wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene France inasintha ndalama yake. Adiresi yokhala ndi nambala ya positi ya manambala asanu ndi ya 1972 kapena pambuyo pake. Zomangira za mutu wamtanda sizinali zofala zaka za m'ma 1930 zisanafike. Ndipo pepala loyera mbuu limene limawala mwa mtundu wa buluu mukaliunika ndi tochi younikira ndalama zachinyengo, kawirikawiri ndi la m'ma 1950 kupita mtsogolo.

Kenako funani dzina la wopanga, nthawi zambiri m'munsi mwa chivundikiro, m'tizilembo tating'ono. Watilliaux ankapanga masewera ku Paris kuyambira 1874 mpaka 1908. Zilembo MD ndi za Mauclair-Dacier, imodzi mwa makampani amene mu 1904 anaphatikizana n'kupanga Les Jeux et Jouets Français, ya chizindikiro cha JFJ. Choncho bokosi la JFJ silingakhale la chaka cha 1904 chisanafike. Mudzakumananso ndi Saussine komanso N.K. Atlas. Maina amenewa alembeni m'kabuku, mudzawaloweza osadziwa.

Mphete zija ndi baguenaudier, ndipo pokhala ku Lyon muli kwawo kwa munthu amene anazimasulira. Masewerawo ndi akale kwambiri, Girolamo Cardano wa ku Italy anawafotokoza kale mu 1550, koma mu 1872 Louis Gros, kalaliki wa mu ofesi ya zamalamulo ku Lyon, anasindikiza kabuku kakang'ono kosonyeza kuti mphete iliyonse ikhoza kulembedwa ngati 1 ikakhala pa waya ndi 0 ikachoka, ndipo pa sitepe iliyonse pamasintha nambala imodzi yokha. Kawerengedwe kameneko lero kamadziwika ndi dzina la Frank Gray, amene anakatengera chilolezo ku America mu 1953, ndipo kamagwira ntchito m'makina ambiri. Ine ndikagwira mphete zimenezi ndimakumbukira kalaliki uja nthawi zonse, chifukwa dzina lake linayenera kumveka kuposa mmene limamvekera. Mphete 5 zimachoka posuntha ka 21, mphete 7 ka 85, mphete 9 ka 341. Poona ngati zonse zilipo, werengani mabowo a pa kachitsulo kapansi: bowo lililonse likhale ndi kandodo kake, kandodo kalikonse ndi mphete yake. Musakakamize chilichonse. Waya ukapindika, masewerawo amayamba kuchoka mwachinyengo ndipo atha ntchito.

Chogwiriracho ndicho chikundidetsa nkhawa. Zogwirira zoyera zambiri za mtundu umenewu ndi fupa la ng'ombe, ndipo ndikukufunirani kuti chanu chikhale fupa. Tengani kagalasi kaja. Fupa limakhala ndi timadontho ndi timizere takuda tating'ono, njira zimene munkadutsa mitsempha ya magazi. Mnyanga wa njovu ulibe timadontho timeneti. Kumapeto kwake, pomwe anadula mopingasa, umaonetsa mizere yopingasana ngati ukonde. Musayese ndi singano yamoto monga ena amalangizira, mungowononga chinthu. Chikapezeka kuti ndi mnyanga, nkhani yasintha. Malonda a mnyanga pakati pa mayiko analetsedwa pansi pa pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zakutchire, mu 1989, ndipo kuyambira Januwale 2022 malamulo a European Union amafuna satifiketi pogulitsa ngakhale chinthu chakale chopangidwa chaka cha 1947 chisanafike. Musachigulitse, musachitumize pa positi, ndipo koposa zonse musachiponye m'sutikesi popita kumudzi. Wa pa bwalo la ndege ku Lilongwe kapena ku Chileka sadzafunsa za Louis Gros. Adzaona mnyanga, ndipo milandu ya mnyanga ku Malawi ndi yoopsa. Langizo langa kwa aliyense woyamba n'lakuti wogulitsa akangoti ivoire, kutanthauza mnyanga, pitirirani.

Za poyambira ndi ndalama zochepa, ndinena molimba: chepetsani munda. Amene amagula chilichonse chooneka chakale amadzaza kabati ndi zidutswa zosakwana. Sankhani kanjira kamodzi. Mwayamba kale ndi Lucas, ndipo iye yekha akhoza kukudyetsani zaka. Mu 1889 anatulutsa masewera ena angapo, mwa iwo La Pipopipette, aja olumikiza madontho kuti mutseke timabokosi, amene ana asukulu amasewera m'makope mpaka lero. Mabuku ake anayi a Récréations mathématiques, amene anatuluka pakati pa 1882 ndi 1894, awiri omaliza iye atamwalira kale mu 1891, akupezeka kwaulere pa Gallica, laibulale ya pa intaneti ya dziko la France. Muli solitaire, baguenaudier ndi taquin, zonse zofotokozedwa ndi munthu wa nthawi yomweyo. Kanjira kena kotsika mtengo ndi timasewera ta waya ta m'timabokosi takatoni, timene tinkagulitsidwa tambirimbiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900.

Dziwaninso kuti bokosi la Chifalansa silitanthauza nzeru ya Chifalansa. Tangram, ya zidutswa 7, inachokera ku China ndipo inapenga nayo Paris mu 1817 ndi 1818 pa dzina la casse-tête chinois. Taquin, ya timatabwa 15 m'bokosi la malo 16, inachokera ku America n'kufalikira mu 1880. Zonsezi n'zoyenera kusonkhanitsa, bola mudziwe chimene mwagula. Pa taquin yakale timatabwa timachoka m'bokosi, ndipo mukatibwezera mwachisawawa, theka la masanjidwe ake silitheka kulongosoka. Osafulumira kunena kuti yawonongeka.

Bokosi limodzi lathunthu, lokhala ndi pepala lake la malamulo, limaposa zidutswa khumi zopanda kwawo. Pamsika funsani mafunso atatu: ngati lili complet (lathunthu), ngati bokosilo ndi boîte d'origine (bokosi lake lenileni), ndiponso ngati règle du jeu (pepala la malamulo) ilimo. Wogulitsa akati chinthu chili dans son jus, akutanthauza kuti sichinakonzedwe, chili monga anachipezera, ndipo chimenecho ndicho mukufuna. Mitengo yabwino ili ku vide-grenier, misika ya m'midzi kumene mabanja amagulitsa za m'nyumba zawo, ndipo muzifika m'mamawa. Ku msika wa zinthu zakale wa Saint-Ouen ku Paris mudzaona zokongola koma zodula. Pitani kukaphunzitsa maso. Braderie ya ku Lille, msika waukulu wa zinthu zakale wochitika kumayambiriro kwa Seputembala, ndi yoyenera kupitako kamodzi. Pofuna kudziwa mtengo weniweni, yang'anani zimene zinagulidwa kale pa okushoni monga ku Drouot, nyumba ya okushoni ya ku Paris, osati mitengo imene anthu akupempha pa intaneti. Nyumba yosungira zidole ya ku Moirans-en-Montagne, ku Jura, dera lodziwika ndi osema matabwa, si kutali kwenikweni ndi Lyon. Ndipo masewera oposa 30,000 amene Jerry Slocum anapereka ku Lilly Library ya ku Indiana University mu 2006, ambiri ali ndi zithunzi pa intaneti, zoti mukhoza kuyerekeza ndi bokosi lanu.

Posunga, adani ndi atatu: chinyezi, dzuwa ndi tizilombo tofumbwitsa matabwa. Ikani chinthu chatsopano pa pepala lakuda kwa milungu iwiri, patali ndi zinzake. Mukaona kaufa koyera pansi pa timabowo, tizilombo tikadali moyo. Chikulungeni bwino m'pulasitiki wotseka, chikhale mu firiji youmitsa kwa milungu iwiri, ndipo pochitulutsa musatsegule mpaka chitafunda chokha. Izi ndi za thabwa lokha, osati za galasi kapena chogwirira chija. Selotepi ndi malabala omangira zisakhudze bokosi, zimasiya banga losachoka. Kona ya bokosi ikang'ambika, isiyeni kufikira mutapeza wodziwa kukonza mapepala.

Kambale kaja kakapezeka kuti kakusowadi, mukhoza kupempha mmisiri akusemereni kena kuti muzisewera, koma kasiyeni kosapaka ndipo mulembe kunsi kwake ndi pensulo chaka chimene kapangidwa, kuti amene adzalandire bokosilo pambuyo panu asanamizike. Koma musanapite kwa mmisiri, bwererani ku Villeurbanne Lamlungu likubwerali, mutenge kambale kamodzi m'thumba, mupemphe wogulitsa uja akuloleni kufufuza pansi pa kreti imene munali bokosilo. Tizidutswa tating'ono timagwera m'makona a kreti pamodzi ndi mabatani ndi makiyi akale, ndipo pepala la malamulo nthawi zina limakhala litapindidwa m'bokosi la masewera ena a nyumba yomweyo.